Maso Ouma a Mayi a Kolala

Dontho limodzi linagwera pa kolala yoyera, ndipo Kapitawo analiona. Mkangano wonse unayambira pamenepo.

Tinene poyera, chifukwa anthu ali ndi makutu osankha zomva: Mayi a Kolala sankalira. Amuna awo anamwaliradi chaka chathachi. Analira pa nthawi yake, kulira kwenikweni, mpaka mawu kusasa. Kenaka anapinda zovala za malemu n'kubwerera ku ntchito. Koma mkazi akangofedwa, maso ake sakhalanso ake ayi. Utsi ukamulowa, akuti akulira mwamuna. Akayasamula, akuti akulira mwamuna. Ngakhale asende anyezi, wina amabwera kudzamusisita pamsana.

Ankagwira ntchito mu shopu yosoka mayunifolomu a ana asukulu, chipinda chachitali cha malata, makina ali mizere iwiri. M'menemo aliyense ankasoka chiwalo chimodzi cha shati, ndipo dzina lake linkachokera pomwepo. Panali a Mikono, a Matumba, a Mpendero. Iwo anali a Kolala, ndipo kolala sapatsa aliyense. Mkono ukakhota pang'ono mwana amavala osadziwa, koma kolala ikakhota mayi wake amaiona ali kutsidya kwa msewu n'kubweza shati yonse. Makina awo anali akale, opalasa ndi mwendo, a miyendo yachitsulo. Anakhalapo kuyambira Kapitawo asanamere ndevu.

Vuto linali maso. M'mawa zinkayenda bwino. Dzuwa likangofika pamutu, maso ankayamba kuyabwa ngati wina wawathira mchenga. Kenaka kuwawa ngati sopo. Kenaka madzi chuu, osaitanidwa ndi munthu. Singano imodzi inkasanduka ziwiri, ndipo mzere wa ulusi unkasambira.

Kapitawo anali mphwake wa mwini shopu, mnyamata wa nsapato zosongoka amene chibadwire sanalowetsepo ulusi pa singano. Anabwera ndi makolala angapo n'kuwaika pa thebulo la makina mwaulemu, ulemu umene umakwiyitsa kuposa chipongwe.

"Mayi, taonani izi."

"Ndaona. Ndimasula ndisokenso."

"Dzulo munamasula. Dzana munamasulanso. Mayi, ife tikumvetsa. Imfa ndi yowawa."

"Wafa ndani?"

"Aaa, mayi..."

"Ndikufunsa, lero wafa ndani? Ine sindikulira. Maso akundivuta basi."

"Eee, ndi zomwezo," anatero Kapitawo ndi mawu a munthu wolalikira pa maliro. "Mtima ukawawa, maso ndiye amaulula. Ndiye ndaganiza chonchi. Sabata yamawa mupite ku nsimbi mukapumitse mtima. Makinawa akhalapo Nthunzi."

Nthunzi anali mtsikana wosita, ndipo dzinalo analitenga chifukwa tsiku lonse ankaoneka mwa apo ndi apo mkati mwa nthunzi. Ankafuna makina kuyambira tsiku limene anafika, ndipo sankabisa. Ku nsimbi kumayambira obwera kumene, komanso kumathera otsala pang'ono kuchotsedwa. Thebulo la nsimbi lili pafupi ndi chitseko, ndipo sanaliike pamenepo mwangozi.

Mayi a Kolala anaimirira n'kuloza kumapeto kwa chipinda, kumene mdala wodula nsalu, a Sizasi, ankatikita m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Maso ake anali psuu.

"Nanga awo? Maso awo simukuwaona?"

"Awo ndi fumbi la nsalu."

"Iwo ndi fumbi, ine ndi mwamuna! A Sizasi, akazi anu aja anamwalira liti, kuti a Kapitawo akutumizeni ku nsimbi mukapumitse mtima?"

"Ine musandilowetsemo," anatero mdalayo, mutu uli pansi.

Ena anaseka. Kapitawo sanaseke. Anangoti, "Sabata yamawa," n'kupita, nsapato zikulira.

Pambali pa Mayi a Kolala pankakhala Mayi a Mabatani, mnzawo wa zaka zambiri, mayi wathupi amene ankagwira mabatani ndi milomo uku akulankhula osameza ngakhale limodzi. Awiriwa anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachinyadira: fani. Chaka china onse awiri anayamba kutentha kwa amayi osiya kumwezi, kuja kumangoti thupi gaa mwadzidzidzi ngati wina wakuthira makala m'khosi, thukuta kamukamu pansi pa malata. Anapempha fani, mwini shopu anakana. Mayi a Kolala anaimitsa mzere wonse, makina onse zii, mpaka bamboyo anabwera ndi fani yaikulu ya mwendo umodzi atainyamula yekha. Koma faniyo inkapukusa mutu uku ndi uku, n'kumapereka mphepo kwa atsikana amene sanaimenyere nkhondo. Ndiye amayi awiriwa anatenga chidutswa cha nsalu n'kuimanga khosi kuti iziyang'ana iwo okha, kumaso kwenikweni. Kuyambira pamenepo palibe ankaigwira. Ngakhale Kapitawo ankailambalala.

"Pitani kuchipatala, achemwali," anatero a Mabatani, batani lili pakamwa. "Mwina ndi ng'ala."

"Ng'ala ya agogo ake. Ndipita mawa. Mumuuze wa nsapatoyo kuti ndifika masana."

M'mawa mwake anakakhala pa benchi la chipatala cha maso. Anayang'ana anzawo a pamzere. Amayi a msinkhu wawo ndiye anali ochuluka, aliyense kampango m'manja. Madala analipo awiri okha, mmodzi akugona. Chimenecho chinawakwiyitsa asanamve n'komwe chifukwa chake.

Dokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi. Anawakhazika chibwano pa kachitsulo, n'kuwawalitsa kamuni m'maso. Kenaka anakoleka timapepala tiwiri kumunsi kwa zikope n'kuwauza kuti atsinzine. Atachotsa anatiyang'ana, nati, "Mayi, maso anu ndi ouma."

"Mwati chiyani?"

"Ndi ouma."

"Mwana wanga, taona bulauzi yangayi. Mpango ndimachita kufinya. Ntchito ikundithera chifukwa cha madzi, iwe ukuti ouma? Sukulu yake munaphunzira kuti?"

Dokotala anamwetulira ngati munthu amene anatukwanidwapo kale m'mawa womwewo. "Kumwezi munasiya?"

"Ndabwera ndi maso ine."

"Ndikudziwa. Munasiya?"

"Kalekale."

"Ndiye mverani. M'mphepete mwa zikope muli timabowo totulutsa mafuta. Mafutawo amaphimba chinyezi cha diso kuti chisaume msanga. Munthu akamakula amachepa. Abambo nawonso zimawapeza, koma ife amayi zimatipeza kwambiri, makamaka tikasiya kumwezi. Diso likauma limapsa, likapsa limaitana madzi ambiri nthawi imodzi. Koma ndi madzi osakhalitsa, amangotsikira pa masaya. Diso limatsala louma momwemo."

Mayi a Kolala anapuma ngati munthu wokwera chitunda.

"Ndiye kuti thupi ili," anatero, "nditalichapira mwezi ndi mwezi zaka zonse zija, nditaberekera anthu ana, kundithokoza kwake ndi kumeneku? Kundiwotcha kaye ngati mbaula, kenaka kundiumitsa maso?"

"Si inu nokha, mayi."

"Ndawaona pabenchipo. Zimenezo sizinditonthoza. Zitha?"

"Kutheratu ayi. Koma mukazisamala zimagonja." Anawapatsa kabotolo ka mankhwala odontheza. Anati m'mawa ndi madzulo azithowa zikope ndi kansalu ka madzi ofunda kuti timabowo tija titseguke. Anafunsa ntchito yawo, ndipo atamva anagwedeza mutu. "Munthu akayang'anitsitsa singano amaiwala kuphethira. Muziphethira dala, muzipumira. Ndiye chachikulu, mphepo. Pamene mumakhala pamaomba mphepo?"

Mayi a Kolala anayamba kupindapinda mpango wawo.

"Mayi?"

"Pali fani."

"Imazungulira?"

"Tinaimanga khosi."

"Ndiye ikuombani kumaso tsiku lonse?" Dokotala anavula magalasi. "Mayi, zovala zonyowa mumayanika pati kuti ziume msanga? Mankhwalawa pamaso pa fani imeneyo mukhala ngati mukutunga madzi ndi dengu."

Anatuluka m'chipatalamo atakwiya kuposa mmene analowera, ndipo choipa kwambiri, analibe womukwiyira. Njira yonse ankafuna munthu woti amugunde paphewa kuti apeze poyambira. Palibe anawagunda.

Womukwiyira anamupeza ku shopu. Pa mpando wawo, pa katsamiro kawo, panali patakhala Nthunzi, akupalasa makina awo, fani ikumuuluzira tsitsi.

"Dzuka."

"A Kapitawo ndi amene anati..."

"Anati sabata yamawa. Lero ndi sabata yamawa? Ndafa ine kuti muyambe kugawana katundu?"

Kapitawo anatulukira kuseri kwa milu ya nsalu. "Mayi, makina sangagone chifukwa munthu wapita kukapepesa mtima."

"Ndinapita kuchipatala, iwe! Maso anga ndi ouma. Ndi matenda, ali ndi mankhwala ake, awa." Anakweza kabotolo. "Ndi zaka, ndi ukazi, ndi chinthu ichi!"

Anapita kukhoma n'kuzula chingwe cha fani. Mapiko ake anazungulira pang'onopang'ono mpaka kuima. Chipinda chonse chinangoti zii, makina onse ataima.

Mayi a Mabatani analavulira mabatani m'dzanja.

"Mwatani?"

"Ndi imeneyi ikundipha maso. Adokotala anena."

"Adokotalawo amakhala pano? Bwezeranimo."

"Achemwali, ndikuti ntchito ikundithera chifukwa cha mphepo imeneyi."

"Ndiye ine ndipse? Inu kutentha kunakutherani, ine kudakalipo. Taonani khosi langali! Mwawoloka mtsinje ndiye mukuti bwato aliwotche?"

"Fani imeneyi anaimenyera ndani? Si ine?"

"Ndiye anamanga mfundo ndani? Si ine? Munkagwira mutu wake inu, mukuseka!"

"Ndiye mukufuna ndichite khungu kuti inu muzimva kuzizira?"

"Khungu la chiyani, mwangouma basi! Tonse tinauma kale!"

Atsikana a mzere wakutsogolo anagwa nazo kuseka. Kapitawo anapinda manja, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wapatsidwa zimene sanapemphe.

"Mwaona?" anatero, akuyang'ana chipinda chonse. "Ndimanena ine. Uyu akufuna mphepo, uyu sakuifuna. Uyu watentha, uyu wauma. Ino ndi shopu kapena wodi ya amayi? Amalume ndinawauza kale kuti mzere wakumbuyo wonsewu ukufunika maso atsopano."

Wonsewu. Mawu amenewo anagwa ngati mbale yadothi. A Mabatani anatseka pakamwa. A Mpendero, amene anali ndi imvi kuposa onse, anayang'ana pansi.

Mayi a Kolala anamuyang'ana Kapitawo kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenaka anawerama, natenga chingwe cha fani n'kuchibwezera kukhoma okha. Fani inayambanso kulira.

"Mphepo yanu iyo, achemwali. Imwani."

Anakwinya bulauzi m'chiuno, nagwira thebulo la makina mbali imodzi n'kukoka. Miyendo yachitsulo inalira pa simenti, kwiii, mano a aliyense kuchita dzanzi. Makina anachoka pamiyendo pa Nthunzi, mtsikanayo n'kutsala ali pampando, manja ali m'malere, kutsogolo kwake kulibe kanthu.

"Mayi! Makina a amalume amenewo! Makina sasuntha muno!"

"Anamera pano? Ali ndi mizu?"

"Ndikuti siyani!"

"Bwera undisiyitse. Bwera undigwire, mkazi wamasiye, anthu onsewa akuona. Ukawauze amalume akowo kuti unalimbana ndi mayi wolira."

Kapitawo anaponda sitepe imodzi n'kuima. Mayi a Kolala anakokanso. Kumene ankapita kunali kungodya, kuseri kwa chipilala, pafupi ndi zenera lagalasi limene silinkatseguka. Kunali kowala koma kotentha, ndipo mphepo sinkafikako, n'chifukwa chake palibe ankakufuna. Makina anayenda pang'ono n'kukakamira pa mng'alu wa simenti. Anakoka, osatheka. Msana unati tsoo. Madzi anayamba kutsika m'masaya, ndipo anadziwa zimene aliyense ankaganiza, ndiye anakoka mwaukali kuposa kale.

Mpando wina unalira. A Mabatani anaimirira, thukuta lili m'khosi monse.

"Chaona mnzako chapita," anang'ung'udza, osamaliza. Anagwira mbali inayo. "Kwezani uko, ine kuno. Koma fani yanga mukadzaigwiranso ndidzakudulani dzanja, mwamva?"

"Kwezani, mukulongolola chiyani."

"Mukundiponda!"

"Chotsani phazilo, lakula ngati khasu."

Anayenda nawo chotukwanizana mpaka kungodya. Mayi a Kolala anabwerera, naima pamaso pa Nthunzi mpaka mtsikanayo anadzuka. Anatenga mpando ndi katsamiro komwe.

Kapitawo anaona kuti onse akumuyang'ana, ndipo anafunika kunena kanthu kuti aoneke kuti ndi iye walola.

"Chabwino. Mpaka poweruka. Ndidzayang'ana imodziimodzi. Ikangopezeka yokhota, sitidikiranso sabata yamawa."

"Bweretsa nsalu."

Asanayambe anagadamitsa mutu, anthu onse akuona, n'kudontheza mankhwala diso ili ndi ili. Madontho ena anatsikira m'makutu.

"Awa ndi mankhwala," analengeza. "Wina asayambitse nyimbo ya maliro."

Masana amenewo anali aatali. Kungodyako kunkatentha ngati mu uvuni, ndipo bulauzi inamatirira kumsana. Maso sanasiye kuyabwa, bodza n'loipa. Mchenga unalimo ndithu, koma wochepa, ndipo singano inakhala imodzi. Akamaliza kolala ankaima, n'kuphethira dala kangapo ngati munthu wokopa mwamuna pamsika, n'kutenga ina. A Matumba atawaona anaseka.

"Mukuphethirira ndani, mayi? A Sizasi?"

"Soka matumba ako, iwe. Tsiku lako likubwera."

Chimene chinkawawawa kwambiri chinali kuchedwa. Manja ankafuna kuthamanga monga mwa masiku onse, koma maso ankati dikira. Munthu amene kale ankadikirira a Mikono, lero a Mikono ankamudikirira. Anameza zimenezo ngati mankhwala owawa. Dzuwa litapendeka anadonthezanso, natsinzina pang'ono, napitiriza.

Nthawi yoweruka itakwana palibe anatuluka. Atsikana ankachita ngati akufunafuna zikwama. A Mabatani anaima ndi chikwama chawo paphewa, pafupi ndi chipilala, ngati mlonda.

Kapitawo anatenga mulu wa makolala. Iliyonse ankaipinda pakati, kukumanitsa nsonga ziwiri, n'kuiyang'ana pa zenera. Yoyamba anaiika pambali. Yachiwiri. Anapitiriza choncho mpaka anafika pa ina imene anakhala nayo nthawi. Anaitembenuza. Anaipindanso. Mayi a Kolala ankaidziwa kolala imeneyo. Inali ya nthawi imene thukuta linawalowa m'diso, ndipo nsonga imodzi inaposa inzake ngati mpunga umodzi. Koma sanayang'ane kumbali.

"Iyi..." anatero Kapitawo.

"Yatani?" anafunsa a Mabatani mokweza. "Tiuzeni tonse timve, ife a mzere wakumbuyo. Mawa mabatani adzasoka ndani, tidziwiretu."

A Mpendero anatsokomola. A Sizasi anaika sizasi pa thebulo, khoo.

Kapitawo anayang'ana kolala, nayang'ana amayiwo, nayang'ananso kolala. Anaiponya pa mulu wa zabwino.

"Mwasoka zochepa," anatero. "Mawa mudzachulukitse."

"Mawa ndidzasoka zimene maso adzalole."

Kapitawo anachita ngati sanamve, n'kupita kukatseka mawindo. Nthunzi ndiye sanathe kupirira. Anaponya nsanza yogwirira nsimbi pansi.

"Ndiye ine ndidzakalambira pa nsimbi? Inenso ndili ndi ana, mayi! Maso anga ndi abwinobwino, alakwa chiyani?"

Mayi a Kolala ankaphimba makina ndi nsalu. Anamuyang'ana mtsikanayo, maso oyera ngati mazira, onyowa bwino osadziwa n'komwe kuti ndi mwayi.

"Sanalakwe. Kapemphe makina ako kwa a nsapatowo, alipo ofa awiri kumbuyoko akungofuna lamba. Koma awa usawayandikirenso ndili moyo."

"Nanga mukadzafa?"

"Udzadikire andiike kaye."

Anaponya kabotolo m'chikwama n'kutuluka. Panja kunkaomba mphepo ya fumbi, yochokera kumene iwo ankalowera. Anaitukwana ndi mawu amene sitingalembe, natchinga kumaso ndi chikwama, n'kuyamba kuyenda.